Zoology ku Yunivesite: Zomba, Bunda, Mzuzu Kapena Kunja?

Mwana wa mlongo wanga atangolandira zotsatira za MSCE anandipeza pakhonde ali ndi mndandanda wa maphunziro wa NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, m'manja. "Amalume, ine ndikufuna zoology. Koma pepala lonseli ndaliwerenga kawiri, sindikuiona." Ndinamufunsa kuti akamati zoology amaona chiyani m'mutu mwake. Sanachedwe kuyankha: njovu za ku Liwonde, galimoto yopanda denga, iyeyo ali pamwamba ndi kabuku m'manja.

Ambiri a ife tinalowera khomo lomwelo, ndipo si khomo loipa. Koma zoology ndi sayansi ya nyama zonse. Njovu ilimo, komanso mulinso nkhupakupa imene yakakamira pakhutu la ng'ombe, nkhono ya m'dambo, mleme wa m'denga la tchalitchi ndi njoka za m'mimba mwa mwana. Kwathu kuno maphunzirowa amabwera atavala maina ena: Biology, Fisheries, Aquaculture, Animal Science, Veterinary Medicine, kasamalidwe ka nyama zakutchire. N'chifukwa chake mtsikana uja sanaione. Tsono funso lenileni si lakuti "zoology ili kuti", koma lakuti nyamayo mukufuna kuitani: kuimvetsa, kuiweta, kuichiza kapena kuiteteza? Ntchito zinayizi zimakumana, komabe iliyonse ili ndi sukulu yake, ndipo amene wasokoneza pamenepa amadandaula ali chaka chachitatu, kubwerera kutavuta.

Ndinene poyera kuti ine ndinadutsa njira ya Biology, kuti mukamandimva muzidziwa mbali imene ndaima.

Biology ku Zomba

Yunivesite ya Malawi (UNIMA) inayamba kuphunzitsa mu 1965, ndipo Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973. Kuchokera mu 2021, pamene makoleji ena anaima paokha, dzina lakuti UNIMA linatsalira ku Zomba konko. Kwa munthu amene akufuna zoology yeniyeni, yofunsa kuti nyama iyi inapangika bwanji, imakhala bwanji ndi zinzake, ndipo n'chifukwa chiyani ikutha kapena ikuchuluka, njira yoyandikira kwambiri ndi digiri ya Biology ya zaka 4.

Dziwiranitu kuti chaka choyamba nyama simuziona kwenikweni. Mumakhala ndi Chemistry, Physics ndi Masamu, ndipo ambiri amakhumudwira pomwepa. Kenaka ndiye mumalowa m'nyama zopanda msana, nyama za msana, genetics (za kutengera kumtundu), ecology (mmene zamoyo zimakhalira ndi malo awo), kagwiridwe ntchito ka ziwalo za thupi, tizilombo ndi majeremusi okhala m'matupi a zinzawo. Za zomera nazo simuzithawa, ndipo ndi bwino kutero, chifukwa simungamvetse njovu osadziwa mtengo umene ikukungunula. Chaka chomaliza mumachita pulojekiti yanuyanu, ndipo kwa ine apa ndi pamene pagona digiri yonse. Mukasankha mutu wa za achule, udzudzu kapena mbalame, mwayamba kale kukhala wa zoology, kaya pepala lanu lilembedwa chiyani.

Zomba payokha ndi kalasi. Phiri lili pamutu panu, nyanja ya Chilwa ili chakum'mawa, Liwonde ndi ulendo wosakwana maola awiri. Chilwa ndi nyanja yosaya, yopanda mtsinje wotulutsa madzi, ndipo inaphwapo kangapo, monga mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018. Madzi akabwerera, matemba, makumba ndi milamba zimabwereranso kuchokera m'mitsinje ndi m'zithaphwi momwe zinabisala. Wophunzira amene waona zimenezi ndi maso ake sasowanso womufotokozera kuti ecology n'chiyani.

Kuipa kwa njirayi n'kwakuti siikupatsani dzina la ntchito. Wa Veterinary akamaliza ndi dotolo wa ziweto. Wa Biology akamaliza, achibale amafunsabe kuti, "Ndiye ukhala ndani?" Ambiri amayamba ndi kuphunzitsa ku sekondale, ena amalowa m'labu kapena m'mapulojekiti a kafukufuku ngati othandizira, ndipo amene akufuna kukhala katswiri weniweni amafunika digiri yachiwiri. Ngati pakhomo panu akudikira malipiro anu mwezi womwe mwavala gauni, zimenezi muziganizire mofatsa. Ndipo ngati mumtima mukudziwa kuti uphunzitsi mumaukonda, digiri ya Education ya masayansi ndi njira yowongoka kuposa kuzungulira.

Nsomba: Bunda ndi Mzuzu

Apa ndichedwapo, chifukwa dziko lonse lapansi likamanena za zoology ya Malawi limayambira m'madzi, osati m'tchire.

Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse padziko. Akatswiri amati mitundu ya banja la chambo, mbuna ndi utaka, imene amaitcha cichlid, ndi pakati pa 700 ndi 1,000, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse. Mazana a mitunduyi sanapatsidwebe maina a sayansi. Pa chifukwa chimenechi Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ku Cape Maclear, inalowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984. Nyanjayi ndi yakuya mamita pafupifupi 700, koma kupitirira mamita 250 kunsi mulibe mpweya woti nsomba n'kupuma, kotero kuti moyo wonsewu wathithikana pamwamba.

Tsiku limene ndinayamba kukhulupirira maphunziro anga linali la pa labu, titapatsidwa chambo aliyense chakechake. Tonse tinakula tikudya chambo, mutu womwe. Koma titang'amba kukhosi, aphunzitsi anatilozera kafupa kokhala ndi timano tating'ono kwambiri, tothithikana ngati msasa wopalira thabwa. Ndi nsagwada zachiwiri, zobisika pammero. Nsagwada zapakamwa zimagwira chakudya, zapammero zimapera. Pokhala kuti ntchito inagawidwa chonchi, pakamwa panamasuka kusintha malinga ndi chakudya: mbuna zina zimapala ndere pamiyala, nsomba zina zimaphwanya nkhono, zina zimayepula mamba a zinzawo. Kaligono amagona chammbali pamchenga ngati wafa, tinsomba tikabwera kudzamujompha n'kutigwira. Asodzi anamutcha dzina limenelo kalekale, azungu asanamulembe m'mabuku. Ndinatuluka m'labu muja ndikuona mbale ya ndiwo mwa mtundu wina.

Chambo chachikazi chimasunga mazira ndi ana ake m'kamwa, ndipo chachimuna chimakumba chisa pamchenga m'madzi osaya. Khoka likakokedwa pamalo otere nyengo yoswana, limaononga zisa ndi kutenga mayi ndi ana pamodzi. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene boma limatsekera usodzi wa makoka m'miyezi ya Novembala ndi Disembala, komanso chifukwa chimene mitundu ya chambo inalowera m'gulu la nsomba zimene zili pangozi yaikulu yotheratu. Munthu amene waphunzira zimenezi akamalankhula ndi komiti ya asodzi pagombe, salankhula lamulo lokha, amafotokoza chifukwa chake.

LUANAR, yunivesite ya zaulimi imene inamangidwa pa maziko a Bunda College kolejiyi itachoka ku Yunivesite ya Malawi, imaphunzitsa Aquaculture ndi Fisheries pamodzi, ndipo mphamvu yake ili pa ulimi wa nsomba: kukumba maiwe, kuswetsa mbewu ya makumba, chilinguni ndi mlamba, kusakaniza chakudya, kuyeza madzi. Mumaphunzira m'matope, ndipo mukamaliza muli ndi luso loti mukhoza kudzilemba nokha ntchito ngati mwapeza malo ndi mpamba. Yunivesite ya Mzuzu, imene inalandira ophunzira ake oyamba mu 1999, nayo ili ndi digiri ya za nsomba, ndipo Nkhata Bay ili pafupi, kumene mukhoza kuona utsi wa nkhungu ukukwera panyanja, ndi kufunsa kuti tizilombo timeneti tikudyetsa nsomba ziti. Akamaliza, ambiri amalunjika ku Dipatimenti ya Usodzi, ku malo a kafukufuku a ku Monkey Bay, ku malo a ulimi wa nsomba a ku Domasi, kapena ku mabungwe othandiza alimi.

Kusiyana kwake ndi Biology n'kotani? Wa Fisheries amadziwa nsomba mozama msanga, ndipo ntchito yake ili ndi dzina. Koma wamangirira bwato lake pa doko limodzi. Akadzafuna kusamukira ku mbalame kapena ku udzudzu, adzayenda mtunda wautali kuposa mnzake wa Biology. Ngati mukudziwa kale kuti madzi ndiwo anu, musazengereze. Ngati mtima udakayendayenda, yambani ndi chotambalala.

Ziweto

Anthu ambiri amasokoneza zoology ndi udotolo wa ziweto. Dotolo amayang'ana nyama imodzi yodwala kapena khola limodzi. Wa zoology amayang'ana mtundu wonse ndi malo ake. Veterinary Medicine ku LUANAR ndi yaitali kuposa madigiri a zaka 4, ndi yolemera ngati udotolo wa anthu, ndipo imafuna mapointi abwino kwambiri. Kale Amalawi ankapita kunja kukaphunzira zimenezi, ndipo mpaka lero madotolo a ziweto ndi ochepa poyerekeza ndi ntchito imene ilipo: chiwewe cha agalu, chitopa cha nkhuku, chigodola cha nkhumba, matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ng'ombe ku Chigwa cha Shire. Mwa njira zonse zimene ndikutchula, iyi ndi imene ntchito yake ndi yodalirika koposa. Ndiponso amene amabaya njovu mankhwala ogonetsa poisamutsa ndi dotolo, osati wa zoology, ngakhale kuti madotolo a nyama zakutchire ndi owerengeka pa zala.

Animal Science ndi ulimi: kadyetsedwe, kaswanitsidwe, mkaka, nyama, mazira. Ndi digiri yabwino kwa wokonda khola ndi bizinesi. Kwa wofuna kudziwa chifukwa chimene bilimankhwe amasinthira mtundu, si kwawo kumeneko.

Tchire, ndi zoona zake

Zaka zoposa 20 zapitazi zasintha nkhope ya malo athu osungirako nyama. Bungwe la African Parks linayamba kuyendetsa Majete mu 2003, nyama zitatsala pang'ono kutheratu, ndipo mikango inabwezedwamo mu 2012. Mu 2015 linatenganso Liwonde ndi Nkhotakota mogwirizana ndi Dipatimenti ya National Parks and Wildlife. Mu 2016 ndi 2017 njovu zoposa 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zinapita ku Kasungu. Mimbulu inabwerera ku Liwonde ndi Majete mu 2021. Mwana amene wakula akumva nkhanizi pa wailesi salakwa kulakalaka kukhala nawo.

Koma walira mvula walira matope. Ntchito ya tsiku ndi tsiku m'malo amenewa ndi kuchotsa misampha ya waya, kukonza mpanda wamagetsi, kuwerenga ndowe ndi mapazi, kutsitsa zithunzi masauzande m'makamera omangirira pamitengo, ndi kukhala pansi pa mtengo ndi amfumu pamene njovu zadya munda wa mayi wamasiye usiku umodzi. Anthu a m'midzi yozungulira Kasungu, mbali ya Malawi ndi ya Zambia yomwe, akhala akudandaula za mbewu zowonongeka, ndipo ena anataya abale awo. Amene akuganiza kuti akuthawa anthu polowa m'tchire adzapeza kuti theka la ntchitoyi ndi anthu.

Njira zolowera ndi zingapo. Malawi College of Forestry and Wildlife ku Dedza imapereka satifiketi ndi dipuloma, ndipo ndi njira yachidule kwa wofuna kuvala yunifolomu ndi kuyamba ntchito msanga. Ku LUANAR kuli maphunziro a kasamalidwe ka zachilengedwe momwe mulinso za nyama zakutchire. Ku Tanzania kuli koleji ya Mweka, m'munsi mwa phiri la Kilimanjaro pafupi ndi Moshi, imene yakhala ikuphunzitsa oyang'anira malo a nyama a mu Africa kuyambira 1963. Kumeneko amakuumbani kukhala woyendetsa paki: malamulo, kulondera, alendo, kuwerenga nyama. Kusiyana kwake ndi zoology n'kwakuti woyang'anira amafunsa kuti "tichite chiyani chaka chino", pamene wa sayansi amafunsa kuti "chikuchitika n'chiyani, ndipo tikudziwa bwanji". Paki imafuna onse awiri, koma mipando ya wofufuza ndi yochepa kwambiri, ndipo imapita kwa amene ali ndi digiri yachiwiri komanso anadziperekapo kale kugwira ntchito mongothandiza. Mabungwe oteteza zachilengedwe monga WESM (Wildlife and Environmental Society of Malawi) ndi Lilongwe Wildlife Trust ndi makomo amene achinyamata ambiri amayambirapo.

Kunja

Kwa abale a ku Chipata, Katete ndi Lusaka, nkhani ndi yofanana ndi yathu. Yunivesite ya Zambia (UNZA) ili ndi Biological Sciences komanso sukulu ya udotolo wa ziweto ya Samora Machel, ndipo Copperbelt University ku Kitwe imaphunzitsa za nyama zakutchire ndi za nsomba. Kwa Mmalawi, Zambia ndi kunja kosatalika, ndipo Luangwa ndi Kasanka, kumene mileme mamiliyoni imasonkhana chakumapeto kwa chaka, ndi makalasi osasowa chophunzira.

Digiri yolembedwa Zoology pachikuto muipeza mosavuta ku South Africa ndi ku Britain. Yunivesite ya Pretoria ili nayo, pamodzi ndi malo ofufuzira nyama zoyamwitsa, ndipo sukulu yake ya ziweto ya Onderstepoort ndi yotchuka mu Africa monse. Rhodes, ku Makhanda, ndi yamphamvu pa tizilombo ndi pa nsomba, ndipo akatswiri a kumeneko akhala akufufuza nyanja yathu kwa zaka zambiri. Cape Town ndi kwawo kwa ofufuza mbalame. Ku South Africa digiri ndi ya zaka 3, kenaka chaka china cha Honours chimene mumafunika musanalowe Masters. Ku England ndi zaka 3, ku Scotland 4. MSCE payokha sitsegula khomo la digiri ku Britain: amafuna A-level kapena chaka chokonzekera. Ku South Africa nakonso mapepala anu amayamba ayesedwa kaye ngati akukwanira.

Zabwino zake n'zoonekeratu: zipangizo za DNA, nyumba zosungira zitsanzo za nyama, aphunzitsi odziwa gulu limodzi la nyama moyo wawo wonse. Kwa ana a abale athu amene akukulira ku Johannesburg kapena ku Manchester, imeneyi ndiyo njira yawo yachibadwa, ndipo ndingowapempha kuti pulojekiti yawo yomaliza adzaiganizire ya kumudzi. Koma kwa banja la ku Ntcheu limene likuganiza zogulitsa munda kuti mwana akayambe digiri yoyamba kunja, ine ndimakana. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Maziko a digiri yoyamba ndi amodzimodzi kulikonse, ndipo nyama zimene ophunzira a ku Ulaya amasungira ndalama chaka chonse kuti adzazione kwa milungu iwiri, inu muli nazo kuseri kwa nyumba. Thandizo la fizi nalonso limapezeka kwambiri pa digiri yachiwiri: Commonwealth, Chevening, ndi Beit Trust imene imathandiza ophunzira a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Yambani kwanu, mukhoze bwino, mudzapite kunja muli ndi funso lanulanu m'manja.

Nyama zimene palibe amazijambula

Tsopano ndinene chimene ndinakhalira pansi kulemba. Nyama zimene zikufuna akatswiri a Chimalawi mwamsanga, zambiri n'zazing'ono kuposa chala.

Ndinagwirapo ntchito yotola udzudzu m'midzi ya ku Chikwawa. Mumafika kusanache, mumaodira, eni nyumba amatulutsa ndiwo ndi madzi akumwa, inu n'kuyala nsalu zoyera pansi ponse, kutseka mawindo ndi kupopera. Pakapita mphindi zingapo mumatulutsa nsalu zija panja mosamala ndi kuyamba kutola kamodzikamodzi ndi kopanira. Agogo ena anakhala pamphasa kutiyang'ana mpaka tinamaliza. Atawerenga nafe udzudzu wa m'chipinda chimene ankagona adzukulu awo, ina mimba zili tofu ndi magazi, anangoti, "Tolani wonse, ana anga. Chaka chatha tinaika mmodzi." Kenaka anatiuza kuti udzudzu umachuluka dambo la kuseri likadzadza n'kumera udzu, osati mvula ikangoyamba. Ankanena zoona. Udzudzu wofalitsa malungo wa mtundu wa Anopheles funestus umaswana m'madzi okhalitsa a zomera, pamene anzake a gulu la gambiae amakonda tizithaphwi ta dzuwa ta mvula. Pa maikulosikopu mumawasiyanitsa poyang'ana mawanga a mapiko ndi miyendo. Kudziwa kuti m'mudzi muno woluma ndi uti, amaluma nthawi yanji, ndipo mankhwala ati sakumuphanso, ndi kumene kumatsogolera boma posankha mtundu wa masikito ogawa. Udzudzu wa m'madera ambiri kwathu unasiya kufa ndi mankhwala akale a m'masikito, ndipo amene anazindikira zimenezi ndi anthu otola udzudzu m'mamawa. Malo monga Malaria Alert Centre ndi Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre amalemba anthu a luso limeneli.

Likodzo ndi nkhani ya nkhono. Ofufuza ku Cape Maclear anapeza kuti nsomba zodya nkhono zitachepa chifukwa cha usodzi wopyola muyeso, nkhono zofalitsa likodzo zinachuluka m'madzi momwe ana amasambira. Taonani mmene khoka, nsomba, nkhono ndi mkodzo wamagazi wa mwana wa sukulu zalumikizirana. Dotolo wa anthu amaona mbali yomaliza yokha, wa usodzi amaona yoyamba. Amene amaona chingwe chonse ndi wa zoology, ndipo ichi ndi chifukwa chachikulu chimene ndimaikira kumbuyo digiri yotambalala. Kashembe wofalitsa kaodzera ku Rumphi, m'mbali mwa Vwaza, ndi ku Nkhotakota ndi chingwe china chotere, cholumikiza nyama zakutchire, ng'ombe ndi anthu.

Kumunda nako n'chimodzimodzi. Ntchemberezandonda zachilendo zochokera ku America zinafika mu Africa mu 2016, ndipo pofika Disembala 2017 boma linalengeza za ngozi m'maboma 20 mwa 28. Mbozi imeneyi imabisala mumtima mwa chimanga, ndipo mumaizindikira ndi chilembo chonga Y wozondoka pamutu ndi madontho anayi chakumchira. Mlangizi amene sadziwa kuisiyanitsa ndi kapuchi amapereka malangizo olakwika, mlimi n'kuononga ndalama. Dzombe lofiira limaswana m'madambo a Chilwa, ndipo bungwe la maiko loliyang'anira lili ku Ndola. Chitedze, Bvumbwe, Makoka, minda ya tiyi ku Mulanje ndi ya nzimbe ku Nchalo ndi Dwangwa, konseko kumafunika wodziwa tizilombo.

Ndipo pali zimene sitinaziwerenge n'komwe. Ku mapiri a Malawi Hills ku Nsanje kuli kabilimankhwe kakang'ono kosapezeka kwina kulikonse padziko, kamene anthu ankaopa kuti kanatha mpaka ofufuza atakapezanso mu 2016 m'tizidutswa ta nkhalango totsala. Achule a ku Mulanje, agulugufe a ku Nyika, mileme ya m'mizinda yathu, ngaka imene ikuzembetsedwa kupita kunja: zambiri mwa zolembedwa za nyamazi zinalembedwa ndi alendo. Sindikuwada, anagwira ntchito yaikulu. Koma mlendo amabwera mwezi umodzi n'kupita, pamene kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo wodekha pamalo chaka chonse ndi mwini mudzi.

Musanalembe fomu

Mayunivesite a boma amafuna makirediti 6 a MSCE kuphatikizapo Chingerezi, ndipo pa maphunziro onsewa amayang'ana Biology, Masamu, Chemistry ndi Physics. Masamu musawaone ngati mlendo. Wa zoology wa lero amakhala pa kompyuta nthawi yofanana ndi imene amakhala kutchire, akuwerengera ngati kusiyana kumene waona n'koona kapena kwangochitika mwamwayi. Amene waphunzira pulogalamu yowerengetsera ya R ndi kujambula mapu pa kompyuta (GIS) ali pasukulu amapezeka patsogolo pa mzere wa ofuna ntchito, kaya digiri yake ndi ya Zomba, Bunda kapena Mzuzu. Za fizi, ngongole ya boma ya ophunzira a m'mayunivesite ilipo, lembani msanga ndipo mapepala a kwa amfumu ndi a kusukulu akhale okwanira.

Chinanso, funsani amene ali chaka chachitatu pa kosi imene mukuifuna kuti chaka chathachi anapita kutchire kapena kunyanja kangati, ndipo anagwira chiyani ndi manja awo. Yankho limenelo likuuzani zambiri kuposa kabuku kotsatsa sukulu. Tchuthi chilichonse pezani poti mukathandize, ngakhale popanda malipiro: padamu la nsomba, pa ofesi ya ziweto ya kwanu, pa kalabu ya zachilengedwe. Makalata okuchitirani umboni amachokera kumeneko.

Mtsikana uja tinakhala naye mpaka dzuwa kupendeka. Ndinamufunsa ngati angapirire kuona magazi ndi nyama yovutika tsiku ndi tsiku, anati ayi, tinachotsa Veterinary. Ndinamufunsa ngati akufuna kuweta, anapukusa mutu. Za njovu sanazisiye, koma nkhani ya nkhono ndi nsomba za ku Cape Maclear anandibwerezetsa kawiri. Pafomu anaika Biology poyamba, Fisheries ya ku Mzuzu pachiwiri, ya ku Bunda pachitatu. Akunyamuka anatembenuka pachipata.

"Amalume, timano ta pammero tija, chambo cha pamsika chimakhala nato?"

"Chilichonse. Ukagule chimodzi Loweruka, ubwere ndi lezala latsopano. Amayi ako uwauze kuti mutu asaudule."